Makina Oberekana ndi Chinangwa cha Amayi

Achimwene anga amakonza mafoni pa Chiringa, m'kashopu kopanikiza koti munthu wonenepa amalowamo chammbali. Kusukulu anali katakwe pa sayansi, koma mwayi wa koleji unawalambalala, ndiye mutu wawo unatsala ndi njala mpaka lero. Foni ya kasitomala ikangoyaka, amati akuyesa ngati sipika ikumveka bwino, chonsecho akuonera za kuthambo. Ndi mmenemo mmene anatola nkhani ya makina oberekana, ndipo woyamba kuvutika nayo ndinali ine.

Tsiku limenelo anabwera kwathu ku Nkhulambe kudzatithandiza kuunga mizere. Kuthandiza kwake! Khasu analiimika pansi n'kulitsamira ngati ndodo ya nkhalamba, ine thukuta lili kamukamu.

"Chemwali, tamvera," anatero. "Upange makina amodzi okha, uwaponye kuthambo apite ku nyenyezi ina. Akafika akumbe miyala ya kumeneko, asungunule chitsulo ndi mphamvu ya dzuwa la komweko, apange anzawo awiri ofanana nawo ndendende. Awiriwo apite kwina, nawonso akapange awo. Ana, zidzukulu, zidzukulutudzi. Amene anawatuma akhoza kufa, mtundu wawo wonse kutha psiti, koma makina akupitabe. Mapeto ake Mlalang'amba wonse uja, nyenyezi zake zosawerengeka zija, paliponse pafika makina."

Ine pakamwa sindichedwa, anthu amadziwa. Ndinawauza kuti chigayo cha pamsika pomwepa chitsulo chimodzi chikathyoka timabwerera ku mtondo mpaka munthu akwere galimoto ya ku Limbe. Nanga makina awowo lamba akaduka pakati pa thambo, akamugula kwa ndani? Njinga yawo yomwe inkalira ngati mbuzi yomangidwa, koma iwo ali kalikiliki kudzaza Mlalang'amba.

Sanakwiye. Anavomera kuti vuto lagona pomwepo: makinawo ayenera kunyamula m'mimba mwawo mgodi, ng'anjo, fakitale ndi mmisiri yemwe, ndipo palibe munthu pansi pano amene anapangapo chinthu chotero. "Koma sikuti n'zosatheka," anatero. "Nkhuku imatola madeya ndi chiswe n'kupanga nkhuku inzake, yopanda kusowa nthenga ngakhale imodzi. Ngati nkhuku ikutha, chitsulo chidzathanso tsiku lina."

Chimene chinkawasautsa chinali china. Ankati thambo ndi lakale kwambiri, dziko lathu lino ndi mwana wa dzulodzuloli. Ngati kunja kuja kuli zolengedwa zanzeru zimene zinatitsogolera, mtundu umodzi wokha ukanapanga makina oterewa, nthawi inalipo yokwanira kuti bwenzi atafika kale ngakhale pa phiri la Michesi. Koma kuli zii. "Ali kuti?" ankafunsa choncho, nkhope ili ngati ya munthu amene wapita kukadikira mlendo pa siteji, minibasi zonse zadutsa. Ine ndinkaseka. Ndinkati bambo wa ana atatu akudandaula kuti alendo a kuthambo sanamuchezere.

Ataona kuti sindikugonja analoza munda wa amayi. "Suwaona makina oberekana awo? Udule mtengo, ubaye pansi, chaka chamawa wapeza mitengo khumi."

Chinangwa cha amayi chinali chachilendo m'dera lonse. Mitengo yake yofiirira, timapesi ta masamba tofiira ngati tapakidwa utoto, chosawawa, chofumbutuka ukaphika, ndipo makaka ake sankafumbwa msanga. Dzina chinalibe. Amayi ankangoti cha amayi anga, ndipo amayi awowo ankateronso, chifukwa mitengo yoyamba inabwera pamutu kuchokera ku Mozambique pamene makolo athu ankasamukira kuno. Kwathu mitengo ya chinangwa sagulitsa ndipo samana. Wopempha amabwera ndi luzi lake lomangira, chifukwa amadziwa kuti sabwerera chimanjamanja. Komanso mwana wamwamuna akamapita ku chikamwini, kukakhala kwawo kwa mkazi monga mwa mwambo wathu, amayi ake amamumangira mtolo wa mbewu kuti akabzale kumeneko. Amalume athu onse anapita ndi mitolo, achimwene anapita ndi wawo, asuweni chimodzimodzi. Achimwene ankati chinangwa chimenecho sichingathe padziko ngakhale munthu atafuna kuchithetsa.

Kenaka kunadutsa napolo, chaka cha namondwe uja. Sindikonda kuzikamba. Mvula inagwa osapuma, phiri linatsegula pakamwa, madzi anatsika ndi miyala yaikulu ngati nyumba. Ife tinapulumuka ndi zovala za m'thupi. Minda yathu, wa amayi ndi wanga, imene inali yogundizana, inakwiririka ndi mchenga ndi miyala moti ngakhale malire sitinawaonenso. Mnzawo wa amayi wa ponda apa nane mpondepo, amene anavinidwa nawo limodzi ali atsikana, anataya mwana wamkazi ndi zidzukulu. Tinakhala m'makalasi a sukulu mpaka mvula itatha, kenaka abale anatigawira kamalo kumtunda, tinamanga.

Nyengo yobzala itayandikira, a bungwe lina anabweretsa mitengo ya chinangwa chamakono. Anthu analandira mokondwa, ine ndinabzala yanga. Amayi anaiyang'ana, anaitembenuza, anaibweza. "Ndibzale chinangwa chosadziwika kwawo?" Basi. Kuyambira tsiku limenelo khasu sanaligwirenso. Munthu amene dzuwa linkamupeza ali kumunda anayamba kukhala pakhonde tsiku lathunthu, maso ali kuphiri. Chakudya ankangotomola. Chitenje chinayamba kuwazungulira kawiri. Ndinawakalipira, ndinawanyengerera, ndinawaitanira amayi a mvano, koma ayi ndithu. Ndinachita mantha, chifukwa ndinaona kuti napolo anawasiya amoyo koma akuwatenga pang'onopang'ono.

Achimwene atabwera kudzawaona anaseka nkhawa yanga. "Iwe, chinangwa chija chili paliponse. Tikangozungulira kwa abale tibwera ndi mtolo wolemetsa njinga." Amayi atamva anatukula mutu koyamba. Ndinakwera pakaliyala, tinanyamuka.

Ndinati tiyambire kwa achimwene eni ake, poti nawonso anapita ndi mtolo. Anayamba kutsokomola. Anati njira ya kumeneko ndi yoipa. Nditawapanikiza anaulula kuti apongozi awo anazula chinangwa chija kalekale n'kubzalapo nandolo, ndipo mkamwini sangatsutse pamunda wa eni ake. Ndinatsika panjinga ndi mkwiyo. "Ha! Makina oyamba enieniwo anafera pakhomo pa apongozi? Ndiye mukudabwa kuti a kuthambo sanafike?" Iwo anangoti kwera tizipita.

Kwa amalume aang'ono, kupitirira Chiringa, tinapeza chinangwa chambiri koma chachilendo. Chathu chija chinagwidwa khate, masamba kupiringizika, iwo n'kusintha mbewu. Kwa msuweni wina anatitengera kumunda monyadira, akuti nachi cha agogo. Mitengo yoyera mbee. Ndinaswa kamuzu n'kulawa, kuwawa ngati mankhwala a malungo. Chinasakanikirana ndi china zaka zapitazo, dzina loti cha agogo lokha n'limene linatsala. Kwina mbuzi zinatha, kwina munda anagawana ana aakazi mpaka chinangwa chinasowa malo. Masiku anapita tikungopalasa, matako kutupa ndi kaliyala. Chimene chinandiwawa n'chakuti pakhomo paliponse yankho linali limodzimodzi: "Ife timati tikadzachifuna tidzakatenga kwa amayi anu." Aliyense ankadalira munda wa amayi, pamene amayi ankadalira kuti mbewu ili kwa ana awo.

Panjira achimwene anayamba kulankhula okha, ine ndikumvera kumbuyo. Ankati akatswiri a pafoni aja amawerenga ngati kuti makina aliwonse akafika adzachita zimene anatumidwa. Koma chinthu chikafika pamalo chimapeza za pamalopo. Mwina miyala ya kumeneko ilibe chitsulo choyenera. Mwina pokopera malangizo pamalakwika kanthu kakang'ono, mwana n'kusiyana pang'ono ndi kholo, mdzukulu n'kusiyananso, mpaka patsogolo chinthucho chimangokumba miyala osakumbuka kuti chinachokera kuti kapena chikupita kuti. "Mwina anatumadi," anatero tikukankha njinga pamchenga. "Mwina anatuma ambirimbiri, ndipo aliyense anaima penapake poganiza kuti anzake akupitiriza." Nthawi imeneyo sindinawaseke. Dzuwa linali litatiwamba, ndipo ndinkaganiza za nkhope ya amayi tikamalowa pakhomo opanda kanthu.

Kunatsala khomo limodzi, kufupi ndi nyanja ya Chilwa, kwa akazi amasiye a malume athu aakulu. Kumeneko n'kwa mpunga ndi matemba, chinangwa sichikonda chinyontho, ndiye tinapita mongotaya. Mayiwo, okalamba ndithu, anatitengera kuseri kwa nyumba kumene kunali chulu chachikulu. Pamwamba pake panali mitengo yowerengeka, yofiirira, timapesi tofiira psuu. Achimwene anagwetsa njinga. Bambo wandevu kuvina pachulu, abakha kuthawa! Mayiwo anati amuna awo ndi amene anabzala, iwo sakumba mizu poti mano anatha, amangothyola chigwada cha ndiwo. Anatidulira pafupifupi yonse.

Titafika kunyumba amayi anatenga mtengo umodzi, anaukanda ndi chikhadabo, anaununkhiza. Kenaka anandifunsa kumene ndinaika khasu lawo. Anadula okha, anabaya okha, sanalole munthu kuwathandiza. Chaka chimenecho amayi anabwerera mwakale. Ankadya, ankakangana nane za mchere, ankathamangitsa mbuzi ndi miyala. Mnzawo uja ankabwera masana aliwonse, awiriwo n'kukhala pamkeka m'mphepete mwa mundawo akusenda nandolo. Mayiyo chiikireni ana ake sankaseka, koma pamenepo ndinkamumva akuseka. Nayenso munda wake wakale unali ndi mbewu yomweyi, ndipo amayi anamulonjeza kuti mtolo woyamba ndi wake. Masamba ena a m'munsi ankachita timadontho tachikasu, ife tinkati ndi dzuwa.

Tsiku lokumba achimwene anatseka shopu n'kubwera. Amayi anasankha phata lalikulu, anakumba mofatsa, anazula. Mizu inali yoonekera, ngakhale ina inali ndi tizikhwinyata ngati yamangidwa ndi ulusi. Anatenga mpeni n'kudula pakati. Mkati munali mwabulauni, mouma gwaa ngati chipika chofumbwa. Anadula wina. Chimodzimodzi. Anazula phata lachiwiri, lachitatu, anapita kumapeto kwa munda. Panalibe ngakhale muzu umodzi woti n'kuphikira mwana.

Achimwene anatenga mizu ingapo, anathamanga panjinga kwa alangizi a zaulimi, anabwerako nkhope itagwa. Anakhala pansi pamzere patsogolo pa amayi n'kufotokoza mwaulemu. Matendawa amakhala mu mtengo momwemo. Aliyense amene angatenge mbewuyi watenga ndi matenda omwe, ndipo sadziwa mpaka chaka chitatha, pokumba. Komanso pali tintchentche toyera timene timawanyamula kuchoka munda wina kupita wina, ndiye chinangwa cha bungwe chija, chimene mudzi wonse unkadalira, chinali pangozi. Mankhwala palibe. Chofunika n'kuzula zonse n'kutentha.

Amayi anamvetsera, mpeni uli m'manja. Kenaka anati, "Zulani. Koma pasapezeke munthu wotuluka pano kukanena kuti mbewu ya amayi anga ndi yowola."

Ndinawauza kuti zimenezo n'zopanda nzeru, matenda si manyazi, anthu amvetsa. Anandiyang'ana ndi diso limene ndinalidziwa ndili mwana. "Makolo athu anaisenza pamutu kuchokera kutali, yadyetsa mudzi uno m'njala zonse. Isathe ndi dzina loti inawola. Wandimva?" Ndinawamva.

Tinayamba kuzula n'kuunjika. Achimwene ankagwira ntchito mwakachetechete, zimene sindinazionepo. Pakati pake anangoti, motsitsa mawu kuti amayi asamve, "Mwina n'chifukwa chake kuli zii, chemwali. Mwina anatsegula amodzi n'kupeza kuti zimene akufalitsa n'zowola mkati, ndiye anaitana onse n'kuyatsa moto." Ndinawauza kuti atseke pakamwa asanandilize. Anatseka, ndipo chiyambire tsiku limenelo sindinawamvenso akukamba za makina awo.

Mulu utakula, tisanayatse, ndinaona mnzawo wa amayi akubwera m'kanjira. Anali atamva kuti lero tikukumba. Anavala chitenje chake chabwino, m'manja atanyamula luzi lonyowetsa kale kuti lisaduke pomanga. Mizu yowola ija amayi anali ataikwirira m'dzenje, ndiye iye anangoona mitengo yokongola itaunjikana mulu.

"Anzanga, ndabwera," anatero akumwetulira. "Koma ndiye mwadula yambiri! Mudzi wonse ukwana."

Amayi anaimirira pakati pa iye ndi muluwo. "Palibe mbewu yopatsa munthu pano."

Mayiyo anaseka, kuyesa nthabwala. Anawerama kuti atole mtengo umodzi. Amayi anaupondapo ndi phazi.

"Ndati palibe. Ndi yanga."

Sindidzaiwala mmene kumwetulira kuja kunazimira. M'mudzi mwathu munthu akhoza kukumana mchere, akhoza kukumana moto, koma mawu amenewo pa mitengo ya chinangwa anali asanamvekepo, ndipo anachokera kwa munthu amene anamugwira dzanja pamanda a ana ake. Mayiyo anayang'ana ine, anayang'ana achimwene. Achimwene anazolika. Ine ndinatsegula pakamwa, amayi n'kundikoka chitenje mwamphamvu mpaka chinatsala pang'ono kumasuka. Mayiyo anakulunga luzi lake pazala pang'onopang'ono, anati, "Zikomo, anzanga," n'kubwerera. Asanafike n'komwe kwawo, amayi anali atayatsa okha machesi. Mitengo yaiwisi sipsa msanga. Utsi unafuka tsiku lonse, mudzi wonse ukuona, ndipo pofika mawa lake nkhani inali ponseponse yoti amayi anasankha kutentha mbewu kusiyana n'kugawira anzawo.

Ndinapirira milungu ingapo. Kuchitsime anthu ankasiya kulankhula ndikafika. Mkeka uja unangokhala chopinda pakhonde. Tsiku lina ndinalephera, ndinapita kwa mayiyo amayi osadziwa. Ndinamupeza akupeta mpunga. Ndinagwada n'kufotokoza zonse, za mizu yabulauni, za alangizi, za tintchentche, za dzina la agogo.

Anamvetsera mpaka ndinamaliza, lichero lili pamiyendo. "Ndinadziwa kuti pali chifukwa, mwanawe," anatero. "Munthu satentha chakudya chifukwa cha kaduka, makamaka amayi ako. Koma akanandiuza okha. Ine ndinafukula mwana wanga m'matope ndi manja angawa. Ankaganiza kuti sindingapirire kumva kuti chinangwa chawola?"

Anandipatsa mpunga pang'ono m'kambale kuti ndikawaphikire amayi phala, koma anati ndisanene kumene wachokera.

Awiriwo amapatsana moni kutchalitchi, moni wa anthu ongodziwana. Amayi ali moyo, amadya ndikawakakamiza. Pamalo pamene tinatentha paja pamera udzu, ndipo chaka chilichonse ndikawafunsa kuti tibzalepo chiyani amati ndidikire kaye. Masana amakhala pakhonde moyang'ana kanjira kaja. Ndinawauzapo kuti, "Amayi, kwa anzanu n'pafupi pomwepa, tiyeni ndikuperekezeni." Anayamba kufunafuna mpango wawo, anaupeza, anaumanga kumutu. Atafika pa mtengo wa mango wa kumalire kwa bwalo anaima, n'kunena kuti mwendo ukuwawa, tidzapita tsiku lina.